Ndani Anathira Mchere mu Sipinachi

Chaka chimene ndinakwatiwa ndi chaka chomwenso mchere unasowa. Sopo anali atasowa kale, mafuta ophikira tinali titaiwala ndi fungo lomwe, koma mchere utasowa anthu anakwiya zenizeni. Ukangomva kuti lole yaima pa sitolo ya boma ku Nyimba, unkasiya chilichonse n'kuthamangira pamzere, osafunsa kuti yabweretsa chiyani. Tsiku lina ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako ndi machesi ndi polishi wa nsapato.

Ndinkaphunzitsa sayansi pasukulu ina kunja pang'ono kwa Nyimba, nthawi imeneyo Nyimba isanakhale boma payokha. Amuna anga anali kalaliki pa kaofesi ka boma ka m'mbali mwa msewu waukulu. Ankapita panjinga m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka aphunzitsi ka zipinda ziwiri kodontha pakona. Ndinkawakonda kwambiri, sindichita manyazi kunena. Anali munthu woseka msanga, pamene ine ndimapsa mtima msanga, choncho m'nyumba mwathu zinthu zinkayenda.

Kenaka lamulo linatsika kuchokera kumwamba lakuti sukulu iliyonse ikhale ndi dimba, izidzidyetsa yokha. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chinthu chikatsika kuchokera kumwamba sichinkafunsidwa kuti chatsikiranji. A hedi athu, bambo amantha amene ankaimirira ngakhale pomvera nkhani pawailesi, anandiitanira ku ofesi kwawo.

"Amai, dimba ni yanu. Ndimwe a sayansi," anatero. "A gavanala azabwela kuona madimba mvula isanayambe. Mudziwa kwamene alili uja anali na dimba chaka chatha?"

Ndinkadziwa. Mphunzitsi ameneyo, wa sukulu yoyandikana nafe kumene lamuloli linayambira, dimba litamukanika anamutumiza ku sukulu ina ya kuchigwa, kumene lole imafika nthawi ya chilimwe yokha, ndipo kalaliki wa boma alibeko chochita. Ndinatuluka mu ofesimo ndikudziwa kuti ukwati wanga wapachikidwa pa ndiwo zamasamba.

Vuto linali madzi. Mjigo wa pasukulu unkatulutsa madzi a mchere. Musaganize kuti unali mwayi. Anthu anali atayesa kale kuwawiritsa kuti mchere utsale mumphika, koma zotsalazo zinali zowawa ndipo zinkatsegula m'mimba. Mchere wake unali wosakwanira kukometsa ndiwo, wongokwanira kupha mbewu. Mbande zanga zoyamba zinamera bwino, kenaka zinachita chikasu, n'kugona, ndipo pamwamba pa mabedi panayera ngati patayikira ufa.

Ndinazula mbande imodzi n'kuyang'ana muzu wake. Unali waufupi, wofiirira kunsonga. Zimene zinkachitika ndinkazidziwa kuchokera ku koleji. Nthaka ikakhala ya mchere, m'malo moti muzu uyamwe madzi, mchere ndiwo umayamwa madzi a m'muzu, ndiye mbewu imafa ndi ludzu itaima m'matope. Mchere umene walowa m'kati umasokoneza ntchito, ndipo muzu ukavutika umatulutsa poizoni wakewake amene amauwotcha. Koma muzu sungokhala chete. Muli tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maenzaimu, timene timayendetsa ntchito zonse za m'kati mwa chamoyo. Ena amachotsa poizoni uja asanawononge. Ena amakankhira mchere kunja kwa muzu, ena amautsekera m'tizipinda momwe sungapweteke kanthu. Alipo ena amene ntchito yawo ndi kudzutsa anzawo ndi kuuza muzu kuti uchepetse liwiro, ukhotere kumene mchere wachepa. Kungoti mchere ukabwera wambiri nthawi imodzi, umawapeza asanakonzeke.

Ndiye ndinaganiza zowakonzekeretsa. Ndinafesa nazale yatsopano n'kumaithirira madzi abwino amene ana a sukulu ankatunga m'mchenga wa kamtsinje kouma. Mbande zitalimba ndinayamba kusakanizamo madzi a pamjigo, pang'ono kwambiri poyamba, kenaka kuwonjezera, ndikuyang'ana masamba m'mawa uliwonse. Akalendewera ndinkabweza m'mbuyo. Ana ankaseka, amvekere aphunzitsi akuphunzitsa mbande kumwa mowa.

Repu anafa yense, analibe nazo ntchito za sayansi. Matimati anakhala moyo koma mokwiya. Sipinachi ndiye anandidabwitsa. Anatukumuka, masamba aakulu obiriwira onyezimira, mabedi onse thothotho. Sipinachi amaupirira mchere mwachibadwa, ndipo umene walowa amaukweza n'kukausunga m'masamba.

Mkazi wa a hedi ndiye anayambitsa zonse. Anathyola masamba, n'kuphika opanda mchere poti m'nyumba munalibe, ndipo madzulo anatuluka akufuula kuti ndiwo za kusukulu zimabwera zothira kale mchere. Ine ndinalawa. Kunena zoona kanalipo kamchere, koma kakutali, koti uchite kutseka maso kuti ukamve. Koma lilime limene latha miyezi osaona mchere silifunsa zambiri. Pofika Loweruka panali mzere pa mpanda wa dimba, wautali kuposa wa ku sitolo ya boma. Ena anachokera ku Minga panjinga, atamva kuti kuno mchere ukumera.

A cheyamani a chipani m'dera lathu anabwera okha kudzaona. Anali bambo aafupi okonda kulankhula, ndipo anakwera pa mgolo wanga wosakanizira madzi kuti aliyense awaone.

"Maiko ena agula mchele na ndalama zakunja," anatero. "Ise tilima! Uku ndiye kudzidalila!"

Ndinayesa kuwauza kuti mchere wake ndi wochepa ndipo si ine ndaupanga. Anandiyamikira chifukwa cha kudzichepetsa, n'kulamula kuti okhala ndi khadi la chipani azikhala patsogolo pamzere. Tsiku lomwelo anatumiza uthenga kwa a gavanala ku Petauke. Madzulo amenewo ndinavina m'nyumba, amuna anga akuimba ng'oma pa beseni. Kuchigwa kunali kutatalikira.

Chimwemwecho sichinathe sabata ziwiri. M'mawa wina ndikuthirira, ndinaona amai atatu ataima pa chipata. Patsogolo panali amai apampando a gulu la azimayi a chipani, munthu wamkulu thupi ndi ulemu womwe, amenenso anali namkungwi wa m'mudzi. Anandipatsa moni wautali, kufunsa za kunyumba, za makolo, za amuna anga, makamaka za amuna anga. Kenaka anafika pa mfundo.

"Amai aphunzitsi, ise tadya, tayamika. Lomba tifuna kudziwa chinthu chimodzi. Ndani athila mchele mu ndiwo izi?"

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha.

Kwathu mchere sathira aliyense. Mkazi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti adzathire. Anthu amene akukhalira pamodzi m'banja amatchedwa otentha, ndipo wotentha akathira mchere m'chakudya cha munthu wozizira, monga wodwala, nkhalamba kapena mayi wa khanda, munthuyo amadwala mdulo: chifuwa, kutupa miyendo, kuwonda. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinalangizidwa ngati mkazi wina aliyense. Chimene sindinaganizepo ndi chakuti keni yothirira ingasanduke supuni ya mchere. Koma kwa amai apampando nkhani inali yoonekeratu. Ndiwo za mchere zikulowa m'nyumba iliyonse, mmene muli makanda ndi nkhalamba. Wothira madzi a mcherewo ndi mkazi wongokwatiwa kumene. Ndipo apongozi awo aamuna, nkhalamba yokonda sipinachi, anali atayamba kutsokomola.

"Ni mwezi wa mphepo, amai. Aliyense atsokomola," ndinatero.

"Ndiye chifukwa chake tabwela, aliyense atsokomola," anayankha.

Msonkhano unachitikira m'kalasi mwanga momwe. Azimayi anakhala pa madesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. A cheyamani anakhala pa mpando wanga, a hedi pambali pawo akupukuta thukuta. Ine ndinatenga choko n'kujambula muzu waukulu pa bolodi. Ndinali nditakonzeka, ndipo ndinkaganiza kuti ndawapezera pothera. Ndinafotokoza za madzi, za mchere, za maenzaimu ndi ntchito zawo. Kenaka ndinati mwambo womwewo ukundimasula. Mkazi amene sayenera kuthira mchere amaitana mwana, mwana ndiye amathira, ndipo palibe amene amadwala. Inenso sindithira mchere m'masamba. Ine ndimangothirira dothi. Amene amanyamula mchere n'kukauika m'tsamba ndi mbewu yeniyeniyo, ndi tizinthu ta m'kati mwake.

A hedi anasiya kupukuta thukuta. A cheyamani anafunsa ngati tizinthuto timagwira ntchito ngakhale Lamlungu popanda malipiro, ndipo nditavomera anati ndi chitsanzo chabwino kwa ogwira ntchito m'boma.

Ndiye mayi wina wokalamba, amene ndinkayesa kuti akugona, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mwana timudziwa kuti ni wozizila, timuona na maso," anatero. "Lomba utu tunthu twanu, mwatuonapo?"

Ndinati sitioneka, ngakhale ndi galasi la kusukulu.

"Ni tokwatiwa?"

Ndinati si anthu, si nyama, sitikwatira.

"Koma mwakamba mweka kuti mchele ukabwela tuchuluka."

Ndinavomera kuti inde, muzu umapanga ambiri.

"Tuchuluka bwanji ngati ni tozizila?"

Azimayi onse anang'ung'udza movomereza. Apa ndiye mtima unandipsa. Ndinamenya bolodi ndi chikhatho mpaka fumbi la choko linandilowa m'mphuno, ndinafuula kuti maenzaimu alibe mphasa, alibe nyumba, alibe amuna, ndipo nditamaliza ndinayetsemula katatu. Amai apampando anayang'ana anzawo mwachisoni, ngati akuti onani, nayenso chamuyamba.

A cheyamani anati nkhani yapsa, tiweruze. Njira yoyamba inali kuleka kugawa ndiwozo, koma a hedi anatsala pang'ono kugwa pampando, poti a gavanala anali atauzidwa kale. Njira yachiwiri inali yakuti wina azithirira. Ine ndinakana. Kusakaniza madzi kunkafuna diso, ndipo tsiku lina nditapita kuchipatala mlonda anathira madzi a pamjigo okhaokha n'kuwotcha bedi lathunthu. Dimba likafa, wopita kuchigwa ndine, osati mlonda. Panatsala njira yachitatu, imene amai apampando anainena mofatsa akuyang'ana kudenga. Wothirira akhale yemweyo, koma azizire mpaka a gavanala adzapite. Tizinthu tija sangatiletse, koma munthu angathe.

Anavota pokweza manja. Panalibe wotsutsa, poti masiku amenewo kutsutsa sikunali pa ndandanda.

Ndinawauza amuna anga atangotsika panjinga. Anaseka mpaka kugwira khoma. Ataona kuti ine sindikuseka, anakhala pansi pa khonde n'kuvula chipewa.

"Ndiye kuti tisiyane kuti tisasiyane?" anafunsa.

Ndinati ndi kwa kanthawi chabe. Ndinati tikhoza kungonama, ndani adzadziwe? Iwo anandilozera nyumba ya a hedi, imene zenera lake linayang'anizana ndi khomo lathu, ndipo katani anagwedezeka nthawi yomweyo. Komanso a cheyamani anali ataganiza kale za zimenezo. Anapita okha ku ofesi, ndipo amuna anga anabwerekedwa ku boma la Petauke kuti akathandize ntchito kumeneko. M'chaka chonsecho, pamene pempho lathu la choko linali lisanayankhidwe, ndi chinthu chokhacho chimene ndinaona boma likuchita mwachangu.

Ndinawaperekeza ku basi atanyamula kasutikesi ndi bulangete limodzi, lina atandisiyira. Ndinabwerera m'nyumba n'kulira mokwiya, kulira kwa munthu amene sakudziwa woti amutukwane.

Moyo wanga unasanduka wa komiti. Masiku anga a kumwezi ankadziwika ndi azimayi asanu ndisanawadziwe ine. Masikuwo akafika, mayi wokalamba wa mafunso uja ndiye ankagwira keni, ine nditaima kunja kwa mpanda ndikufuula kuti onjezerani a kumtsinje, basi, basi, mwachulutsa. Tinazolowerana. Ankandibweretsera mtedza, ndipo nthawi zina ankawerama pa bedi n'kupereka moni kwa tizinthu ta m'mizu, kuti mwina tingakhumudwe. Mphepo itatha, apongozi a amai apampando anasiya kutsokomola, ndipo mudzi wonse unaona kuti chiweruzo chinali cholondola. Anthu ankandigwira dzanja panjira kundithokoza.

Loweruka lina amuna anga anabwera kudzandiona. Sanafike pakhomo. Komiti inawachingamira pamsewu, n'kuwakhazika pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinacheza azimayi atatu atakhala pakati pathu akusenda chinangwa. Anali ataonda. Ankagona pansi m'chipinda cha mnzawo kuseri kwa msika, ndipo kolala ya malaya awo inali yosasita. Tinakambirana za nyengo, za mabasi, za mtengo wa matayala a njinga. Ponyamuka anandipatsa kaphukusi kakang'ono. Munali mchere weniweni, wodzaza dzanja limodzi, umene anauimira pamzere tsiku lonse. Amai apampando anaulandira m'malo mwanga, kuti wotentha asapatsire wozizira pamanja.

Ndinkawasowa amuna anga koopsa. Ndinkasowa phokoso la njinga madzulo, ndi munthu woseka ndikapsa mtima. Panali masiku amene ndinkathirira sipinachi ndikumutukwana, tsamba ndi tsamba, ndipo iye ankangonenepera. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti a gavanala akangobwera n'kupita, zonse zitha.

Anabwera kutentha kutafika pachimake, mitambo itayamba kusonkhana. Galimoto zitatu, fumbi, ana atandandalika m'mbali mwa njira akuimba. Anyamata a chipani anaima mozungulira bwalo, akuyang'ana anthu m'malo moyang'ana alendo. Amuna anga anapempha tsiku ku ofesi, anabwera pa basi ya m'mawa ndi kasutikesi kawo kaja, poti tinali titagwirizana kuti sabwereranso. Anaima kumbuyo kwenikweni, kasutikesi kali pakati pa miyendo.

A gavanala anayendera mabedi manja ali kumbuyo. Anafunsa za maenzaimu, ndinafotokoza mwachidule, ndipo a cheyamani anawonjezera kuti ndi antchito osadandaula. Mkazi wa a hedi anabweretsa mbale ya sipinachi wophika. A gavanala anatafuna nthawi yaitali anthu onse akuwayang'ana pakamwa. Kenaka anagwedeza mutu, n'kupempha ina. Nthungululu zinalira. A hedi anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Ine maso anga anali kumbuyo, kwa munthu wa kasutikesi, ndipo ndinamumwetulira poyera, komiti ikuona.

Ndiye a gavanala anakwera pa nsanja. Anati ayendera madimba ambiri m'boma lino ndipo ambiri ndi manyazi okhaokha. Anati pano apeza mwana wa dziko amene wagonjetsa mchere ndi nzeru ndiponso ndi kudziletsa, poti za kudziletsa anali atauzidwanso. Anandiitana kuti ndiime pambali pawo. Anati nzeru zotere ndi tchimo kuzitsekera pa sukulu imodzi. Kuchigwa, anatero, kuli mijigo ya mchere woposa uwu, kuli ana amene sanaonepo dimba. Choncho iwo alamula kuti lole yomaliza mvula isanatseke njira inditenge, ndikayambitse madimba m'sukulu za kumeneko, imodzi ndi imodzi, mpaka zonse zitabiriwira.

Amai apampando anandikumbatira, misozi ili m'maso, n'kundinong'oneza kuti ndisade nkhawa, atumiza mawu kwa azimayi a kumeneko kuti adziwe kasamalidwe kanga.

Bwalo lonse linaomba m'manja. Anyamata a chipani ankayenda m'mizere kuyang'ana amene manja ake ali chete. Mmodzi anaima pafupi ndi amuna anga. Ndinawaona akuyang'ana mnyamatayo, kenaka kasutikesi, kenaka ine. Anakweza manja pang'onopang'ono n'kuyamba kuomba, osandichotsa maso. A gavanala anatembenukira kwa ine akumwetulira, kudikira. Inenso ndinaomba.